Galimoto ya Amuna Anga Inafika Chafutambuyo

1

Dzina langa ndine Lilly. Kwathu ndi kumtunda kwa Masambanjati, mudzi wokhala pamwamba pa chitunda choti ukamakwera utasenza ufa umalapa machimo ako onse usanafike. Ndinakwatiwa ndi a Kingsley, amene panthawiyo anali wachiwiri kwa manejala wa minda pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo. Dzina la esitetiyo ndilibisa, poti eni ake amawerenga.

Kwathu mwamuna amakamanga kwa mkazi. Amayi anga anatilozera malo kuseri kwa nthochi chaka chomwe tinakwatirana, koma amuna anga ankangoti tiona, tiona. Tinkakhala m'nyumba ya kampani, yamagetsi ndi mpopi, ndiye tinkaona ngati tafika. Tsono mzungu wina wa ku fakitale pobwerera kwawo anagulitsa galimoto yake, ndipo a Kingsley anathira pamenepo zonse zomwe tinkasungira malata ndi simenti.

"Amake Mwai, tatulukani mudzaone!" anafuula tsikulo.

Mwai anali mwana wathu woyamba. Anatisiya asanamere ndi dzino lomwe, dzina lokha ndi limene linatsalira pa ine. Ndinatuluka pang'onopang'ono chifukwa ndinali ndi pakati pena.

Kutsogolo galimotoyo inali ya mabwana ndithu, mphuno yaitali, nyali zopendekeka, mipando yachikopa. Koma kumbuyo inangothera panjira ngati wina waidula ndi chikwanje. Buti inalibe. M'malo mwake panali chitseko chimodzi chachikulu chomwe chinkayasamulira kumwamba, galasi ndi zonse.

"Nanga matako ake ali kuti?" ndinafunsa.

"Musandichititse manyazi, amayi. Iyi ndi hachibaki ya mabwana. M'Malawi muno mwina ndi yokhayi."

"Ena onse anaikana bwanji?"

Sanandimve n'komwe. Anali kalikiliki kundionetsa mipando yakumbuyo, iliyonse yoyenda payokha, kutsogolo, kumbuyo, kupendekeka ngati bedi ya kuchipatala. Pakati pake panali kafiriji koziziritsira madzi. Akakoka kachingwe mipandoyo inkagona pansi n'kukhala tetete, ngakhale mpando wa pambali pa dalaivala unkagonanso. Magalasi akumbuyo anali akuda, woti wapanja sangaone amene ali m'kati.

Kuyenda kwake ndiye sindinama, inkayenda. Injini yake ya dizilo sinkamveka kulira, inkangong'ung'udza. Tsiku lina anaika kapu yodzaza tiyi pakati pa mipando kuchokera pa boma mpaka pa Bvumbwe, m'makona monse muja, ndipo sipanatayike ndi dontho lomwe. Koma inali ya tala yokhayokha. Mimba yake inali pansi, ndipo inkakokedwa ndi matayala akutsogolo okha. Ikangolowa m'misewu yofiira ya m'minda mvula itagwa, inkavina malo amodzi mpaka amayi otchola tiyi atule madengu awo adzaikankhe. Iwowo ndi amene anaipatsa dzina loti Chopanda Matako.

Amayi anga atamva anangoomba m'manja kamodzi. "Mkamwini wogula matayala m'malo mwa njerwa, ameneyo akukonzeka ulendo," anatero. "Paja mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka."

Ine ndinawaseka, ndinati akalamba.

2

Masiku atayandikira, a Kingsley ananditula kwa amayi kuti ndikachirire kumeneko. Galimoto inalephera chitunda chathu, anaisiya pasukulu kumunsi. Ndinabereka mwana wamkazi, tinamutcha Chikhulupiriro.

Apa ndikuuzeni za Mwai kuti mumvetse. Atamwalira, amayi ndi azimayi anzawo anati linali tsempho. Anati bambo ake anabwera ndi zoipa zakunja n'kumugwira mwana asanakhwime. Kuchipatala anati chinali chibayo, koma pamudzi pepala la dokotala silimveka. A Kingsley ndi munthu wa tchalitchi, sanakangane nawo. Anangopita kuseri kwa nyumba n'kukalira ngati mwana. Ndiye ulendo uno tonse tinagwirizana kutsata mwambo wonse osadumpha kalikonse.

Nditatuluka m'chikuta, mchombo wa mwana utagwa, ndinadikira tsiku loti bambo adzanyamule mwana wawo. Anabwera atavala taye, atanyamula shuga, sopo ndi nyama. Anaima patali, manja kumbuyo.

"Mulandireni mwana wanu," ndinatero.

"Ndili ndi chimfine, amake Mwai. Ulendo wina."

Ulendo winawo anati m'manja mwawo munali mankhwala opopera tiyi. Ulendo wina anati akufulumira, mabwana akubwera kuchokera ku Limbe. Sankagona, sankadya m'mbale zathu, madzi akumwa ankabwera nawo m'botolo. Ankangosuzumira nkhope ya mwana atatalikira, maso ali mbee, n'kutsanzika.

"Nanga kunyumba ndibwerera liti?"

"Akupenta nyumba. Fungo lake si labwino kwa khanda."

Nyumba imeneyo anaipenta mpaka chimanga chinamera n'kufika m'mawondo. Ine ndinali pamenepo, m'kachipinda kamene ndinakuliramo, pamphasa, ndikumvera amayi akung'ung'udza kuyambira m'mawa. Kwathu kunasanduka ndende. Kuchoka sindikanatha, kukhala kunkandiwawa, ndipo ndinkalira kawirikawiri ndikamachapa matewera.

Kenako alangizi anabwera kudzanena kuti nthawi yotenga mwana yakwana. Uwu ndi mwambo woti bambo ndi mayi abwererane pamphasa koyamba, mwana n'kulandiridwa ndi onse awiri kuti akhwime thupi. A Kingsley atauzidwa anayang'ana pansi.

"Tidikire pang'ono," anatero.

Alangiziwo anayang'anizana. Pamudzi aliyense amadziwa tanthauzo lake. Mwamuna wozemba kutenga mwana amakhala akudziwa kuti m'thupi mwake simuli bwino, ndipo akuopa kupha mwana.

3

Tsiku limenelo ndinawaperekeza a Kingsley mpaka kusukulu, mwana nditamusiyira amayi. Sankafuna, koma ndinakakamira. Atatsegula chitseko ndinalowetsa mutu msanga.

Munali fungo lakuthwa, lija lomwe limamveka mkazi akamapenta zikhadabo. Pansi pa mpando ndinatola duwa lofiira lapulasitiki. Kumbuyo kwa mpando wa dalaivala kunali duku, osati langa.

"Izi ndi za ndani?"

"Ndinanyamula anthu panjira."

"Anthu panjira amakupatsani maluwa?"

Analanda duwalo n'kuliponya kutali, kenako anapukuta manja pa buluku kangapo konse. "Mukafika kunyumba musambe m'manja musanamugwire mwana," anatero, n'kuliza galimoto.

Ndinakwera chitunda nditadzaza ndi mkwiyo. Ine, mkazi wawo wa ukwati wa m'tchalitchi, ndisambe m'manja chifukwa ndagwira duwa la chibwenzi chawo!

Sipanapite nthawi, mayi wina wa m'mudzi mwathu amene amakagulitsa nthochi ku Luchenza anandikokera pambali kuchitsime.

"Achimwali, ine sindifuna kuphwasula banja la munthu. Koma galimoto ija sisokonekera. Ndaiona kangapo ikutuluka m'Luchenza. Nthawi zonse kumbuyo kwa amuna anu kumakhala mzimayi, ataphimba nkhope ndi duku. Ndipotu sakhala mmodzimodzi, lero wonenepa, mawa wowonda. Ikabwerako imakalowa kumpanda kwa mayi Jean, aja a matabwa, amuna awo anamwalira aja."

Amayi anga atamva sanachedwe. Anatumiza uthenga kwa mlongo wawo, amalume a Anderson, amene anali nkhoswe yanga. Amalumewo anali telala pakhonde la sitolo ku Luchenza komweko. Analonjeza kuti akawaona a Kingsley, ndipo Lamulungu lotsatira anabwera kumudzi.

"Ndawaona akamwini," anatero atakhala pansi. "Mawu anga ndi amodzi. Dekhani."

"Tidekhe?" amayi anakuwa. "Achimwene, akumwetsani chiyani kumeneko?"

"Alongo, kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwanawe Lilly, mwamuna wako si woipa. Zina adzakuuza yekha, ine ndinalonjeza."

Ndinaona ngati amuna onse a dziko lapansi apangana pa ine.

4

M'mawa wina ndinabereka Chikhulupiriro kumbuyo, ndinauza amayi kuti ndikupita ku sikelo. Ndinakwera minibasi mpaka pa boma, ina mpaka ku Luchenza. Wakabaza woyamba amene ndinamufunsa sanavutike.

"Kwa mayi Jean? Kumene kumagona Chopanda Matako? Kwerani, mayi."

Geti linali lotsegula. Galimoto inali pansi pa mtengo wa mango. Pachingwe panali malaya a amuna anga, omwe ndinawasokerera mabatani ndi manja angawa. Ndipo m'shedi, pansi pa lona, ndinaona miyendo ya sofa yanga ndi kabati yanga ya mbale.

Panatuluka mayi wamtali, wojintcha, pensulo ili kukhutu.

"Ndikuthandizeni, mayi?"

"Mwandithandiza kale. Mwandisungira mwamuna, mwandisungira ndi mipando yomwe. Mbale zanga mukudyeramo bwino?"

Mayiyo anandiyang'ana, n'kuyang'ana mwana. Sanakwiye, ndipo zimenezo zinandipsetsa mtima koposa.

"Ndinu amake Mwai," anatero. "Khalani pansi, mwayenda ulendo wautali ndi khanda. Koma mafunso anu ayankhe ndi eni ake. Ine anandilumbiritsa."

Pomwepo a Kingsley anatulukira kuchokera kubafa, thaulo lili pakhosi. Atandiona anauma. Ndinayamba kuwalunjika, koma iwo anabwerera m'mbuyo manja ali m'mwamba.

"Musayandikire! Lilly, chonde, mwanayo mutalikitseni ndi galimotoyo. Tulukani naye kunja kwa geti!"

"Mukuthamangitsa mwana wanu pakhomo pa mkazi wina?"

"Si choncho."

"Nanga katundu wanga akutani pano?"

"Ntchito inatha. Anaphatikiza minda, ena tinachotsedwa. Nyumba analanda mwezi womwe munachira uja."

Mataye onse aja, mabwana a ku Limbe, penti uja, zonse zinali bodza. "Ndiye shuga ndi sopo mumabweretsa zija zimachokera m'thumba mwa mayiwa? Mwana wanga akusambira sopo wa chibwenzi chanu?"

Anangoima pamenepo madzi akudontha m'tsitsi, anthu atayamba kale kusuzumira pampanda.

"Mundisudzule," ndinatero mokweza kuti Luchenza yense amve. "Mukauze ankhoswe anu abwere. Ine ndatopa."

M'minibasi pobwerera ndinaphimba nkhope ndi chitenje kuti anthu asaone kuti ndikulira.

5

Tsiku la mlandu linakhazikitsidwa, koma silinafike. Paja mvula ikakuona litsiro sikata. Amalume a Anderson anagwa ali pa makina awo osokera, ndipo pofika nawo kuchipatala anali atapita kale. Mchimwene wanga Dan ndi amene anatumidwa kuti akagule bokosi ndi kupeza galimoto yobweretsa thupi.

Mvula inayamba m'mawa osakata. Pofika masana chitunda chathu chinali phala lokhalokha. Azimayi tinali m'nyumba ya siwa tikuimba, azibambo atabisala pansi pa lona. Aliyense ankafunsa kuti ndi lole yanji imene ikwere pamenepa.

Kenako ndinamva kung'ung'udza kuja. Phokoso limenelo ndikanalizindikira ngakhale pakati pa magalimoto a mu Limbe. Ndinatuluka mwana ali kumbuyo.

Kumunsi kwa chitunda kunali galimoto ya amuna anga. Ndinaganiza kuti abwera kudzapepesa maliro, ndipo mtima unandiwira kuti alibe manyazi. Inayesa kukwera, matayala akutsogolo anazungulira pamalo amodzi, matope ali fwaa. Inayesanso, inaterereka n'kubwerera. Azibambo anayamba kuvula nsapato kuti akaikankhe. Koma dalaivala anaitembenuza pabwalo la sukulu, n'kuyamba kukwera chafutambuyo. Pambuyo pake a Kingsley anandifotokozera kuti ikatero kulemera konse kwa injini kumatsamira pa matayala okoka, ndipo amaluma nthaka. Inakwera pang'onopang'ono, osagwedezeka, osaima, kumbuyo kuja anthu ankakuseka kuli patsogolo, mpaka inadzaima pakhomo penipeni pa siwa.

A Kingsley anatsika atavala jekete lakuda. Sanayang'ane munthu. Anapita kumbuyo n'kukweza chitseko chija.

Mipando ya mbali imodzi inali itagona pansi kuyambira kumbuyo mpaka kutsogolo, ndipo pamenepo panali bokosi la amalume, litakwanira ndendende. Pamwamba pake panali nkhata ya maluwa ofiira apulasitiki. Fungo la vanishi watsopano linandimenya m'mphuno, fungo lomwe lija ndinkati ndi la zikhadabo. Pampando umodzi wotsala, kumbuyo kwa dalaivala, panakhala akazi awo a amalume ataphimba nkhope ndi duku.

Nyimbo inaduka.

Dan, amene anadzipanikiza pambali pa bokosi, anatsika n'kubwera pamene ndinaima. "Achemwali," ananong'ona, "alamu ndi amene amanyamula maliro kwa mayi Jean. Mayi aja amakhoma mabokosi. Luchenza yense akudziwa, osadziwa tinali ife tokha."

Amuna anga anagwira chogwirira cha bokosi limodzi ndi adzukulu, mwaluso la munthu wozolowera, n'kulowa nalo m'nyumba. Amayi anga anakhala pansi m'matope momwemo.

6

Titachoka kumanda tsiku lotsatira, ndinawapeza a Kingsley atakhala okha pachitsa pafupi ndi galimoto. Ndinaima patali pang'ono monga ankafunira.

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndikanayamba ndi chiti? Kuti nyumba yapita? Kuti bwana uja munakwatiwa naye akugona m'galimoto, pamalo pomwe masana pamagona mitembo?"

"Mukanaigulitsa."

Anaseka kuseka kowawa. "Ndinayesa, amake Mwai. Ndinafika nayo mpaka ku Limbe. Aliyense amakhala pampando, amayamikira chikopa, kenako amafunsa kuti ikafa sipeya wake apezeka kuti. Ena amati ndi yaikulu kwambiri, ena amati ilibe buti, a matola amati mimba yake ili pansi. Mayi Jean okha ndi amene anabwera ndi tepi, anayeza m'kati, n'kunena kuti bokosi la munthu wamkulu likwana. Anthu amaikonda chifukwa m'bale wawo sagwedezeka panjira, ndipo mvula simunyowetsa. Amati akupita ngati bwana."

"Ndiye kuno munabwera bwanji, mukudziwa kuti muyaluka?"

"Maliro onse a mbali ino ndinkawakana. Koma amalume ndi amene anandilandira pamudzi pano. Atadziwa zanga sanandiseke, anandisokera jekete ili. Ndikanalola kuti akwere lole ya nthochi, mvula ikuwagwera?"

Ndinalephera kudzigwira, misozi inangotsika. "Nanga mwanayu walakwa chiyani?"

Anayang'ana manja awo. "Manja awa amagwira maliro pafupifupi tsiku lililonse. Nthawi zina abale amachita mantha, ine ndi amene ndimathandiza kuika thupi m'bokosi. Amayi anu anati Mwai ndinamupha ndine. Mawu amenewo sanachoke m'mutu mwanga."

"Inu mumakhulupirira zimenezo? Inu a tchalitchi, ophunzira?"

"Sindikudziwa, Lilly. Mwina ndi zoona, mwina ndi zabodza. Koma sindingayesere pa mwana wanga."

Madzulo ake akuluakulu anakhala pansi. Za kusudzulana palibe anazitchulanso. Amayi anga, amene mwa mwambo sayang'anizana ndi mkamwini, analankhula atatembenukira kukhoma. Anati akamwini asambitsidwe mankhwala, aleke ntchito ya maliro, akhale pamudzi mwezi wathunthu, kenako atenge mwana. Anati malo aja kuseri kwa nthochi akadalipo. Aliyense anavomera kuti ndi chiweruzo chabwino.

Ine mtima unadumpha. Sindinadikire mankhwalawo. Ndinamasula Chikhulupiriro kumbuyo, ndinayenda pakati pa anthu onse n'kumutambasulira kwa bambo ake. Mwanayo anali maso, akuyamwa chala.

A Kingsley anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako analowetsa manja m'matumba a jekete.

"Musandipatse," anatero. "Mawa ndili ndi maliro ku Bvumbwe. Ndikaleka, mudya chiyani?"

Shuga amene anathiridwa m'tiyi wa pamaliro a amalume anachokera m'galimoto yomweyo, ndipo tonse tinkadziwa.

7

Owerenga anzanga, ena mwa inu muti ndife anthu otsalira, tsempho kulibe. Mwina mukunena zoona. Anamwino a kusikelo anandiuza zomwezo, abusa anabwera kudzapemphera n'kuwauza amuna anga kuti asaope. Iwo anavomera zonse mwaulemu, koma manja sanawatulutse. Munthu amene anaikapo kabokosi kakang'ono m'manda simungamuuze zambiri. Ineyo ndimati ndikawalimbitsa mtima masana, mwana akangotsokomola kamodzi ndimayamba kuwerenga m'mutu kuti wamugwira ndani.

Ndinapita kwa mayi Jean kukapepesa, anangondipatsa mpando ndi tiyi. Ndayamba kuumba njerwa kuseri kwa nthochi. Amuna anga akufunsira ntchito m'maesiteti onse mpaka ku Mulanje, ndipo amati ikangopezeka asamba mankhwala aja tsiku lomwelo. Mayankho sakubwera, koma anthu akumwalirabe, ndiye galimoto ikuyenda.

Inu amene muli pabanja, mwamuna kapena mkazi wanu akayamba kukutalikirani, musathamangire kufunsa kuti ndi ndani. Yambani mwafunsa kuti akuopa chiyani. Ndipo inu amene mumalankhula pamaliro a mwana, sankhani mawu, chifukwa wina adzawasenza moyo wake wonse.

Chikhulupiriro tsopano akukwawa. Bambo ake amabwera Lamulungu lililonse, amakhala pakampando kumapeto kwa bwalo n'kumamuimbira nyimbo za Sande sukulu. Lamulungu lapitali mwanayo anandipulumuka ndikupeta mpunga, analunjika komweko, liwiro lake losaneneka. A Kingsley ananyamuka ndi kampando kawo n'kusunthira m'mbuyo. Iye anawatsatira. Anasunthanso, iye anawatsatirabe, akuseka mpaka dovu kutsika, poganiza kuti bambo ake ayambitsa masewera. Anazungulira naye bwalo lonse chomwecho, mwana akuseka, bambo akulira, mpaka ine ndinadzamunyamula.